Mawu Amene Analowa Pakati pa Nyimbo

Ndine mkamwini ku Ntengo-Wambalame. Kwathu kwenikweni ndi ku Chidzolomondo, kumene timalima fodya, koma ukwati unandikokera kuno ku mapiri a kachewere, ndipo ndinazolowera kuzizira, kukumba mbatata ndi kutseka pakamwa eni mudzi akamalankhula. Mkamwini wanzeru amadziwa kuti munda ndi wa mkazi, mudzi ndi wa alamu ake, chake ndi khasu ndi kaulemu kamene anthu amampatsa akamadutsa. Kaulemu kameneko ndinali nako ndithu, ndipo ndinkakasamala kwambiri.

Ine ndi mayi a kunyumba tili ndi mwana mmodzi, wamkazi. Nthawi imene ndikunenayi anali atangoyamba kuwerenga bwinobwino kusukulu. Atabadwa iyeyo tinadikira wina, tinadikira, mpaka anthu anayamba kuponya mawu. Monga mwa masiku onse, chala chinaloza mkazi. Mayi a kunyumba anamwa mizu yowawa, anapita kwa azamba, anapemphereredwa mpaka mawondo kuchita zipsera. Ine ndinali phee, ngati nkhaniyo ndi ya nyumba ya eni.

Amene anandiuza kuti nanenso ndikayezetse anali tekiniko, ndiye kuti dokotala wa pachipatala chathu chaching'ono, bambo waulemu wochokera kum'mwera, amene Chichewa anachiphunzira konkuno ndipo ankachilankhula mokhotakhota. Iyeyu ankadziwa chinthu chimene ine ndinali nditachikwirira. Mwana wathu atangoyamba kuyenda, ndinadwala matsagwidi, matenda a ana, munthu wandevu zanga. Anthu anaseka masaya anga otupa, nanenso ndinaseka nawo. Koma kutupako kunatsikira kumunsi, kumene sindinauze munthu aliyense kupatula tekiniko yemweyo, amene anandipatsa mapiritsi. Tsopano anandikumbutsa, nati matenda amenewo akagwira munthu wamkulu nthawi zina amasiya atawononga. Anandilembera kuti ndipite ku chipatala chachikulu cha kutauni.

Ndinapita, ndikunamiza anthu kuti ndikukafuna msika wa nyemba. Zotsatira sizinatuluke tsiku lomwelo. Pofuna kutithandiza ife akutali, kuti tisakwerenso minibasi ija timati chapa ulendo wonse uja pongokamva mawu awiri, a kutauni amatumiza zotsatira pafoni ya tekiniko wa kwanu. Munthu amene anandiyezayo anali wachifundo mopitirira. M'malo molemba Chipwitikizi chimene sindikanachimva, anajambula mawu ake m'chilankhulo chathu kuti ndidzimvere ndekha. Tekiniko ananditsekera m'kachipinda kake nandiseweretsera. Munthuyo anayamba ndi kutsokomola, kenako anatchula dzina langa lonse ndi mudzi umene ndimakhala, kuopa kusokoneza ndi wodwala wina, nati: “Bambo, pepani, tayang'ana bwinobwino. Mbewu mulibe, olo imodzi.”

Ndinawauza mayi a kunyumba tsiku lomwelo, tili kumunda. Anaimika khasu n'kufunsa kuti nanga mizu yonse ija ankamwera chiyani. Anaseka, misozi ikutsika. Tinagwirizana kuti nkhaniyi ithere m'mizere momwemo, ndipo kwa miyezi ingapo inatheradi momwemo.

Pamsika pathu pali baraka, ndiye kuti kashopu, la bambo wina wokonza mafoni. Amatchajanso mafoni ndi magetsi a dzuwa, ndipo amathira nyimbo m'timakhadi tija timalowetsa m'foni kapena m'wailesi. Nyimbo zake sagula. Khadi lililonse limene ladutsa m'manja mwake amalikokolola, chilichonse cholira chimene chilimo amachitsanulira m'kompyuta yake, ndiye nkhokwe yake imakula motero. Samvetsera n'komwe, alibe nthawi. Munthu akabwera kuti mundithirire zosakaniza, iye amangotapa mulu n'kuthira. Tonse tinkadziwa zimenezi ndipo palibe ankaona vuto, chifukwa ndani amadandaula kuti nyimbo ya kwaya yabedwa? Foni ya tekiniko itagwa n'kusweka galasi, anaipititsa komweko, khadi lili momwemo.

Ndinazimva ndekha tsiku lopakira mbatata. Tinali pamsewu amuna ambirimbiri, tikukweza matumba m'galimoto ya ogula, ndipo mnyamata wa mota, njinga yamoto yonyamula anthu, anali ataimika pambali, wailesi yake ikulira. Nyimbo ya kwaya inatha. Kunakhala zii pang'ono, kenako munthu anatsokomola. Kutsokomolako ndinakuzindikira thumba lili paphewa, dzina langa lisanatchulidwe. Linatchulidwa, ndi mudzi womwe, ndi mawu aja onse mpaka “olo imodzi”. Pompo inalowa nyimbo yovina.

Palibe anaseka, ndipo ndikanakonda akanaseka. Aliyense anapeza choyang'ana: wina chingwe, wina tayala la galimoto. Ine ndinakweza thumba langa, ndinabwerera, ndinanyamula lina. Ndinagwira ntchito mpaka galimoto inadzaza, chifukwa kuchoka kukanakhala kuvomereza kuti ndamva. Manyazi amene ndinali nawo sindinawamvepo chibadwire. Ndinkaona ngati ndaima pamsewupo wopanda chovala.

Kuseka kunabwera pambuyo, kuseri. Makhadi amenewo anali atafika kale kuchigayo, kumabaraka a mowa, m'mafoni a anyamata oweta ng'ombe. Ndinamva kuti akuti ndinagwa m'papaya. Chimenecho chinali chabodza, koma ukakamuuza ndani, ndipo ukamuonetsa bwanji? Ndinati ndipirira, nkhani ya mwini siichedwa kuzilala. Koma anthu a kuno amadziwa kuwerengera. Anati ngati m'nkhokwe mulibe mbewu, nanga chimanga chili pabwalocho chinachokera kuti? Makolo athu anali ndi njira yawo: mwamuna akalephera, ankalowetsa mwamuna wina m'nyumba mwachinsinsi, amene ankamutcha fisi, kuti banja lione mwana. Anthu anagamula okha kuti ndi zimene tinachita.

Mayi a kunyumba anasiya kupita kumjigo nthawi imene kumakhala anthu. Mwana wanga anayamba kudwala mutu m'mawa uliwonse wa sukulu. Tsiku lina ndikusema mpini pakhonde anabwera n'kukhala pafupi nane, akukumbakumba pansi ndi kamtengo.

“Ababa, bwanji anzanga akumalira ngati fisi ine ndikamadutsa?”

Ndinati ana ndi opusa, asawamvere.

“Akuti ine si wanu.”

Ndinamuuza kuti ndi wanga. Anandiyang'ana, ndipo ine bambo wake ndinalephera kumuyang'ana m'maso, ngakhale ndinkanena zoona. Anaona kuti ndazolika, ndipo ananyamuka n'kuchoka.

Alamu anga aakulu, amene ndi eni mbumba ndiponso malume a mwanayo, anabwera atapsa mtima. Anati mlongo wawo akutukwanidwa, mdzukulu wa mayi awo akutukwanidwa, ndipo ngati ine ndilibe chochita iwo apita kukagwetsa baraka lija ndi mwini wake yemwe. Anandifunsa kuti ndikuganiza zotani. Chimene ndinaganiza ndi kuthawa. Ndinati mkulu wanga ku Chidzolomondo akufuna thandizo posankha fodya, ndipo ndinapita. Ndinakhala m'chigafa masiku angapo ndikusanja masamba, mkulu wanga akundiyamikira kuti ndine m'bale wokumbuka kwawo. Akanadziwa.

Kumeneko ndi kumene ndinamva kuti ku Furancungo kuli ofesi yothandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo popanda kulipira. Zinandikomera chifukwa chimodzi chokha: ku Furancungo palibe amandidziwa. Ndinakwera mota m'mawa, ndikupemphera kuti ndikapeze mdala wa imvi. Ndinapeza mayi wamng'ono kwa ine, wovala magalasi. Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndasochera khomo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kufotokoza za mnzanga wina amene zinamuchitikira zakutizakuti. Mayiyo anandilola kuti mnzangayo ndimusenze mpaka kumapeto.

Kenako anafotokoza mofatsa, Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anati za matenda a munthu ndi za mwini wake, ndipo wogwira ntchito m'chipatala ali ndi udindo wozisunga, ngakhale zitachoka m'manja mwake mosafuna. Mnzangayo akhoza kukadandaula kwa mkulu wa zaumoyo m'boma lake, ndipo tekinikoyo angathe kudzudzulidwa kapena kulangidwa pantchito. Akhozanso kukapereka kesha, ndiye kuti dandaulo, kupolisi kapena kwa oimira boma pa milandu, chifukwa kufalitsa za m'nyumba mwa munthu popanda chilolezo chake si masewera, ndipo atafuna angapemphe chipukutamisozi. Ngati safuna zonsezo, pali bwalo la kumudzi la oweruza osankhidwa ndi anthu, limene ntchito yake ndi kuyanjanitsa. Anati asunge khadi limodzi lokhala ndi mawuwo ngati umboni. Anawonjezera kuti zonsezi ziyenera kukachitikira ku Tsangano, boma la Ntengo-Wambalame kumene nkhani inachitikira, osati ku Macanga, boma la Furancungo. Ndinali nditazungulira mtunda wonse uja kuthawa mudzi wa alamu anga, lamulo n'kundilozera komweko.

Anatinso ku tiribunali, khoti lalikulu la boma, munthu angapemphe kuti nkhani yochititsa manyazi imvedwe anthu atatulutsidwa panja. Ndinadziona ndili m'chipinda chotseka, ine ndi woweruza basi, n'kutuluka ndi chipepala chonena kuti ndinalakwiridwa. Ndinafunsa ngati lamulo lingachotse mawuwo m'makhadi onse. Anapukusa mutu, nati madzi akatayika saoleka. Angaletse mwini baraka, koma za m'matumba a anthu palibe angazifike.

“Nanga mnzanuyo akufuna chiyani kwenikweni?” anafunsa motero.

“Kuti asiye kumulirira ngati fisi mwana wanga.”

Ndinazindikira mawu atatuluka kale. Mayiyo sanamwetulire, anangovula magalasi n'kuwapukuta. Anati chimenecho chipepala cha m'chipinda chotseka sichingandipatse, ndipo anandisiya kuti ndiganize ndekha.

Ndinaganiza njira yonse yobwerera. Anthu anali atamva theka la nkhani yanga, ndipo theka limenelo ndi limene linkamudya mwana wanga. Theka linalo, la matsagwidi ndi kumene anatsikira, ndinali nditaliumbatira ine, ndipo ndi lokhalo limene likanamuwombola. Amati manyazi adapha lambe. Ine sankandipha, ankapha mwana amene sanalakwe chilichonse.

Nditafika, mayi a kunyumba anandiuza kuti tekiniko wakhala akubwera kudzandifuna. Khadi la umboni ndinakalipempha kwa mnyamata wa mota uja, amene anandipatsa akuyang'ana kumbali ngati akupereka chinthu chakuba. Kenako ndinapita kuchipatala. Tekiniko anali ataonda. Anati anakadzinenera yekha kwa akuluakulu ake, ndipo ngati ndikufuna kupereka kesha ndipite, ndi ufulu wanga, sadzandisungira chakukhosi. Ndinkamukwiyira ndithu. Koma ndinkadziwanso kuti zonsezi zinayamba ndi kundichitira chifundo, komanso kuti iye ndi amene amadzuka usiku mwana wa munthu akatentha thupi kuno.

Ndinamuuza chimene ndinkafuna: kuti nkhani ipite ku bwalo la kumudzi, ndipo iye akaime pamaso pa anthu anene zonse, kuyambira tsiku limene ndinabwera nditatupa. Anadzidzimuka. Anati sangathe kunena za wodwala pagulu popanda chilolezo cholembedwa. Ndinatsala pang'ono kuseka. Za mbewu zanga zinali kulira m'chigayo pakati pa nyimbo za ukwati, koma kuti choonadi chonse chinenedwe panafunika siginecha yanga. Ndinasaina.

Bwalo linakhala tsiku la msika, m'chisakasa cha pafupi ndi ofesi ya boma, ndipo anthu anadzaza mpaka ena kuima padzuwa. Nkhani za malire a minda sizikoka anthu chonchi. Oweruza anali akuluakulu atatu a m'dera lathu, mmodzi mwa iwo mayi amene kale anali mphunzitsi. Mwana tinamusiya kunyumba. Chimene sindinachiganizire n'chakuti apongozi anga aakazi abwera. Chikwatirire ine ndi iwo sitinayang'anizanepo. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo tikamalankhulana timakhala chofulatirana. Anali atakhala pamphasa kutsogolo kwenikweni.

Mwini baraka analankhula koyamba. Anati iye samvetsera zimene amathira, akanadziwa sakanachita, ndipo anafufuta kale m'kompyuta. Mayi woweruza anamufunsa ngati wogulitsa nyama angaikire anthu chilichonse chimene wapeza m'thumba la mnzake osachinunkhiza. Analamulidwa kupepesa pagulu, kusiya kukokolola makhadi a eni, ndi kufufuta mawuwo m'khadi lililonse lobwera pabaraka pake. Oweruza anatchulanso za mbuzi ya chipepeso, ndipo zimenezo ndinawasiyira alamu anga.

Ndiye anaimirira tekiniko. Anapepesa kwa ine ndi kwa mayi a kunyumba, naonetsa chilolezo changa, nayamba kufotokoza. Chichewa chake chinamuthera pamene chinkafunika kwambiri, ndiye analowa Chipwitikizi, ndipo mdala wina woweta ng'ombe anadzipereka kumasulira. Tekiniko ankanena mawu aulemu a m'mabuku. Mdala uja ankawatembenuza ndi mawu amene amagwiritsa ntchito pofula ng'ombe zake, akuonetsanso ndi manja kukula kwa kutupako. Anthu anayesa kudzigwira, koma wina kumbuyo anaphulika, ndipo chisakasa chonse chinagwedezeka. Apongozi anga anakoka chitenje n'kudziphimba kumutu. Ine ndinali chiimire pakati, chipewa m'manja, thukuta likutsika m'miyendo m'dziko lozizira ngati lino. Ndinkalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinadziuza kuti ndinazipempha ndekha, walira mvula walira matope, koma mwambi suchotsa manyazi.

Phokoso litachepa, bambo wina anafunsa chimene onse anadzera. Anati zonsezo tamva, koma mwanayo ndi wake kapena ayi?

Tekiniko anayankha yekha, m'Chichewa chake chokhota: “Ine sindinali m'nyumba mwawo. Chimene ndikudziwa, tsiku limene bambowa anabwera atatupa, mwanayo anali kuyenda kale. Analowa atagwira buluku la bambo wake. Matendawa anabwera mwana alipo.”

Mayi woweruza anayang'ana anthu onse, nati amene akadali ndi funso pa za mwanayu aimirire alinene pomwepo, pamaso pa mayi wake ndi malume ake, chifukwa akakalinenera kumjigo adzaitanidwa pabwalo lomweli. Palibe anaimirira. Mayi a kunyumba ananyamuka, anadutsa pakati pa anthu n'kudzaima pambali panga. Tinatuluka limodzi, ine ndikuyang'ana zala za kumapazi.

Kwa mkulu wa zaumoyo sindinapite. Tekiniko analandira chidzudzulo chake kuchokera kwa akuluakulu ake, ndipo ndinamva kuti a kutauni anasiya kutchula maina a odwala m'mawu ojambula. Mayi wa ku Furancungo mwina akanati ndinasiya ufulu wanga panjira, ndipo mwina akanakhala akunena zoona. Mawu aja sanathe. Mpaka lero amatulukira m'wailesi ya munthu wochokera kutali amene sadziwa kanthu, ndipo wapafupi amathamangira kudumphitsa nyimbo. Apongozi anga ndi ine timapatukirana patali kuposa kale.

Sabata yotsatira mwana anapita kusukulu osadandaula mutu. Ndinamudikira pakhonde ngati ndikukonza khasu. Atafika ndinamufunsa ngati anzake akuliranso. Anati ayi, asiya, koma ayamba zina: akumafufumitsa masaya akamuona, n'kumamutcha mwana wa Amatsagwidi. Ndinayamba kumuuza kuti ndipita kukaonana ndi aphunzitsi.

“Musapite, ababa,” anatero akuvula nsapato. “Amatsagwidiwo ndinu. Ndiye akuti ndine wanu.”

Dzinalo linandikakamira. Lero pamsika, pamaliro, ngakhale pakhomo la tchalitchi, akulu ndi ana omwe amandiitana choncho, ena osadziwa n'komwe kumene linachokera. Nthawi iliyonse ndikalimva nkhope imatentha ngati tsiku la m'chisakasa lija, ndipo sindikhulupirira kuti zidzasintha. Koma ndimatembenuka n'kuyankha.